Alimi a ku Bardoli ndi Mlandu wa Msonkho wa Minda

M'chaka cha 1928, eni minda a m'midzi 137 ya m'dera la Bardoli, pafupi ndi mzinda wa Surat kuzambwe kwa dziko la India, adakana kupereka msonkho wa minda yawo kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Boma la Angelezi, limene linkalamulira dzikolo pa nthawi imeneyo, lidawalanda ziweto, ziwiya za m'nyumba ngakhalenso minda imene, ndipo ena mwa atsogoleri awo lidawaponya m'ndende. Alimiwo sadatenge zida, komanso sadagonje. Potsiriza boma lidavomera kuti akuluakulu ake awiri akaunikenso nkhani yonse, ndipo awiriwo, ngakhale adali Angelezi odya za boma lomwelo, adapeza kuti alimi ndiwo ankanena zoona.

Anthu a ku Bardoli sankanena kuti msonkho ndi chinthu choipa, kapena kuti boma lilibe mphamvu zoutolera. Makolo awo adaupereka, iwonso ankaupereka chaka ndi chaka. Dandaulo lawo lidali lakuti amene adatumidwa kudzawerengera msonkho watsopano adalakwitsa masamu, ndipo padalibe bwalo lililonse kumene mlimi akadakatula mlanduwo. Tsono kuti timve bwino chimene chidawawawa, tiyenera kuyamba taona m'mene boma linkapezera chiwerengero cha ndalama zimene munda uliwonse unkayenera kulipira, pakuti pamenepo mpamene padagona nkhani.

Kawerengedwe ka msonkho

Owerenga athu achikulire adamvapo za msonkho wa nyumba umene atsamunda adaukhazikitsa kuno ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890. Msonkho umenewo udali wowawa, koma kuuwerengera sikudali kovuta: kalaliki ankangowerenga nyumba. Wa ku India udali wa mtundu wina. M'chigawo cha Bombay, m'mene mudali Bardoli, boma linkatsata njira yotchedwa ryotwari, ndiye kuti mlimi aliyense ankalembedwa m'kaundula ngati mwini wa munda wake, ndipo ankalipira yekha ku boma popanda mwini esiteti woima pakati. Munda uliwonse udapimidwa ndi kupatsidwa nambala. Nthaka yake idayesedwa kuya kwake, mtundu wake ndi madzi ake, niikidwa pa mlingo wake. Kenaka midzi yonse ya m'dera idagawidwa m'magulu molingana ndi nyengo yake ndi kuyandikira kwake ku misika ndi ku misewu, ndipo gulu lililonse lidali ndi mtengo wake wa pamwamba pa ekala. Mudzi ukangochotsedwa m'gulu lapansi n'kuikidwa m'gulu lapamwamba, msonkho wa munda uliwonse m'mudzimo unkakwera, ngakhale mundawo usadabale ngala imodzi yoonjezera.

Mitengo imeneyi inkakhala zaka 30 osasintha, ndipo zikatha boma linkaiunikanso. Ku Bardoli idakhazikitsidwa m'chaka cha 1896, motero nthawi yoiunikanso idakwana cha m'ma 1926. Lamulo la msonkho wa malo la chigawo cha Bombay, la m'chaka cha 1879, lidanena m'ndime yake ya 107 kuti pounikapo aziyang'ana mtengo wa malo, ndipo ngati malowo ndi olima, aziyang'ananso phindu limene ulimi ukubweretsa. Mawu ake adali abwino. Koma lamulo lina, la m'chaka cha 1876, lidatseka khomo la mabwalo a milandu pa nkhani za kawerengedwe ka msonkho wa malo. Mlimi ankaloledwa kulemba kalata yodandaula, inde, koma kalatayo inkapita ku nthambi yomwe ija imene idakweza msonkhowo. Woimbidwa mlandu ndiye adalinso woweruza.

Ntchito younika Bardoli idapatsidwa kwa mkulu wina wa boma, Mmwenye, dzina lake M. S. Jayakar. Iyeyu adalemba kuti derali latukuka kwambiri chiyambire 1896. Njanji ya m'chigwa cha mtsinje wa Tapti idali itatsegulidwa, misewu idali itachuluka, mitengo ya mbewu, makamaka thonje, idali itakwera, ndipo malo ankagulidwa ndi kubwerekedwa pa mtengo wokwera kuposa kale. Choncho adapempha kuti msonkho ukwere ndi 30 peresenti. Mkulu wake, F. G. H. Anderson, amene ankayang'anira ntchito zotere m'chigawo chonse, adaidzudzula lipotiyo kuti ilibe maziko okwanira, makamaka chifukwa idawerengera zimene mlimi amapeza pogulitsa osachotsapo zimene amawononga polima. Komabe m'malo mobweza ntchitoyo kuti ichitidwenso, Anderson adatenga ziwerengero za lendi ya minda zimene zidali kumapeto kwa lipoti yomweyo, nazisandutsa maziko a kawerengedwe kake, ndipo adafika pa chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha mnzakeyo. M'mwezi wa Julayi 1927 boma la Bombay lidalengeza kuti msonkho ukwera ndi pafupifupi 22 peresenti. Ndiye kuti, kutenga dera lonse pamodzi, pamene pankaperekedwa rupiya 100 tsopano pazikaperekedwa 122, ndipo m'midzi imene idakwezedwa gulu mtolowo udali wolemera koposa apo.

Kodi cholakwika n'chiyani poyesa phindu la munda ndi lendi yake? Poyamba zimaoneka zanzeru ndithu. Ngati munthu akuvomera kubwereka munda pa mtengo wakutiwakuti, ndiye kuti mundawo umabala zoposa pamenepo. Koma amene amadziwa moyo wa kumudzi akudziwa kuti zolembedwa pa pepala la lendi si nthawi zonse zimakhala lendi. Tiyerekeze mlimi amene wakongola ndalama kwa wakatapila kuti akwatitse mwana wake. Munda wake wauika chikole, ndipo m'kaundula walembedwa m'dzina la wokongoza uja, koma amene akulima ndi mwini wake yemwe uja. Ndalama zimene akupereka chaka ndi chaka zikulembedwa kuti ndi lendi, chonsecho ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Kalaliki wosafunsa adzazilemba m'ndandanda, ndipo mkulu wokhala ku ofesi adzati minda ya m'mudzi uno ikubweretsa phindu lalikulu. Umphawi wa munthu wasanduka umboni wa kulemera kwake! Palinso amene ankabwereka kamunda koyandikana ndi kwawo pa mtengo wopitirira chifukwa chosowa podyetsa ng'ombe, ndi ena amene lendi yawo inkaphatikiza nyumba, chitsime kapena mitengo ya zipatso.

Chinanso, ziwerengero zimenezi zidatengedwa m'zaka zotsatira nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene thonje lidali pa mtengo wosaoneka kale. Pamene msonkho watsopano unkalengezedwa, mtengowo udali utatsika kale, koma msonkho wowerengedwa pa zaka zokoma zija unkayenera kukhala zaka zina 30, za mvula ndi za chilala zomwe. Ndipo oimira alimi adaloza cholakwa china chochititsa manyazi: pofuna kuonetsa kuti gawo lalikulu la minda ya ku Bardoli ndi yobwereketsa, Anderson adatenga maekala obwerekedwa m'zaka zisanu ndi ziwiri, ophatikizidwa pamodzi, ngati kuti adali a chaka chimodzi. Zoona zake n'zakuti alimi ambiri kumeneko ankalima minda yawoyawo, ndipo lendi ya minda yochepa sikadayenera kukhala muyeso wa minda yonse.

Kuchoka pa kupempha kufika pa kukana

Kwa zaka ziwiri anthu adayenda njira zonse zaulemu. Adalemba makalata, adachita kafukufuku wawo, ndipo aphungu awo m'nyumba ya malamulo ya ku Bombay adakaonana ndi akuluakulu a boma. Zonsezi zidangokhala ngati kuthira madzi pa msana wa bakha. Aphunguwo atatopa adauza anthu kuti iwo afika pamapeto. Pamenepo atsogoleri a m'deralo, makamaka abale awiri, Kunvarji Mehta ndi Kalyanji Mehta, amene adakhala zaka zambiri akutsegula sukulu ndi kuyenda m'midzi, adapita ku Ahmedabad kukapempha Vallabhbhai Patel kuti adzawatsogolere.

Patel adali mwana wa mlimi, loya wophunzira ku London, ndipo pa nthawiyo ndiye adali wapampando wa khonsolo ya mzinda wa Ahmedabad. Adali atagwirapo kale ntchito yotere pamodzi ndi Mohandas Gandhi ku Kheda m'chaka cha 1918, ndiponso ku Borsad mu 1923. Atafika ku Bardoli pa 4 Febuluwale 1928, sadathamangire kuwalimbikitsa anthuwo. Adawaopseza kaye. Adawauza kuti boma lidzawalanda zonse, kuti minda ya makolo awo ikhoza kupita osabweranso, ndipo kuti kuyamba nkhondo yotere n'kuisiyira panjira n'koipa kuposa kusaiyamba. Adawapatsa masiku oti akaganize bwino, iye nalembera kalata bwanamkubwa wa chigawo cha Bombay, Sir Leslie Wilson, kupempha kuti kutolera msonkho watsopano kuyambe kwaima mpaka anthu osakondera ataunika. Yankho lidali lalifupi: kalata yanu yatumizidwa ku nthambi ya msonkho. Pambuyo pake boma lidamutcha Patel ndi anzake kuti ndi anthu obwera, ndipo iye adayankha kuti mwana wa ku Gujarat sangakhale mlendo ku Bardoli kuposa akuluakulu ochokera kutsidya kwa nyanja.

Pa 12 Febuluwale alimi adasonkhana namanga mfundo imodzi. Sadzapereka msonkho uliwonse kufikira boma litachita chimodzi mwa ziwiri: kulandira ndalama za mtengo wakale ngati malipiro athunthu, kapena kuika anthu osakondera kuti aunikenso kawerengedwe konse. Ahindu ndi Asilamu adalumbira pamodzi, aliyense potchula Mulungu monga amamutchulira m'chipembedzo chake, ndipo padawerengedwa mawu a m'buku la Gita ndi a m'Korani.

Pano pali nzeru imene siyenera kutidutsa. Bardoli lidali dera lodziwika kale pa ndale, pakuti m'chaka cha 1922 Gandhi adalisankha kuti likhale loyamba kukana msonkho polimbana ndi utsamunda, ndipo adaimitsa ntchitoyo atamva kuti khamu la anthu lapha apolisi ku Chauri Chaura. Kukadakhala kosavuta mu 1928 kusandutsa nkhani ya msonkho kukhala nkhondo ya ufulu wodzilamulira. Patel adakana zimenezo. Pempho lidakhala lopapatiza dala kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto: masamu aunikidwenso. Pempho lotere ngakhale anthu amene ankakonda boma la Angelezi sakadalitsutsa mosavuta, ndipo m'kupita kwa miyezi ambiri mwa iwo adaima kumbali ya alimi. Gandhi mwini wake adakhalira kumbuyo, nangothandiza ndi zolemba zake m'nyuzipepala za Young India ndi Navajivan.

Miyezi ya zitseko zotseka

Nkhanga zidapangana kusanapse. Patel adagawa dera lonse la anthu pafupifupi 87,000 m'misasa 13, uliwonse ndi mtsogoleri wake ndi anyamata ake ongodzipereka. Tsiku ndi tsiku kapepala ka nkhani kotchedwa Bardoli Satyagraha Patrika kankasindikizidwa ndi kufikitsidwa m'midzi yonse, kuti mphekesera zisapeze malo ndiponso kuti mudzi uliwonse udziwe kuti anzawo sadagonje. Amayi adagwira ntchito yaikulu kuposa m'mene boma lidayembekezera. Mithuben Petit, mayi wa m'banja lolemera la Aparsi a ku Bombay, Maniben Patel, mwana wake wa Vallabhbhai, Sharda Mehta ndi ena ankayenda khomo ndi khomo, ndipo nthawi zambiri pamene bambo wayamba kufooka poona chikalata cholanda munda, amene ankamulimbitsa mtima ndi mkazi wake. Mbiri imene anthu amasimba imati ndi amayi a ku Bardoli amene adayamba kumutcha Patel kuti Sardar, ndiye kuti mtsogoleri, dzina limene amadziwika nalo mpaka lero.

Boma lidayamba ndi zikalata ndi chindapusa, kenaka lidatumiza olanda katundu. Chuma chachikulu cha pakhomo la mlimi wa kumeneko chidali njati. Tisaganize za njati zolusa za m'nkhalango zathu. Izi ndi njati zoweta, zofatsa, zimene zimapereka mkaka wa banja ndi wogulitsa, ndipo amayi ndi ana amazikonda monga ife tikondera ng'ombe za m'khola la makolo. Pofuna kuzipulumutsa, anthu adaika alonda pa njira zolowera m'midzi. Olanda akangoonekera patali, ng'oma inkalira, ndipo banja lililonse linkadzitsekera m'nyumba pamodzi ndi ziweto zake. Akuluakulu a boma ankafika m'mudzi wa zii, wopanda ndi mmodzi yemwe woti awalozere kuti nyumba iyi ndi ya yani, munda uwu ndi wa yani. Zimenezi zidachitika m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, imene kumeneko ndi nyengo yotentha koopsa. Anthu ndi nyama adakhala milungu yambiri mu mdima ndi m'fungo, ziweto zina zidadwala ndi kutuwa khungu, mwakuti Patel, amene adali munthu wa nthabwala zoluma, ankati njati za ku Bardoli zayamba kusanduka madona achizungu.

Zimene zidagwidwa zinkagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wachipongwe, chifukwa panalibe wa m'deralo wofuna kugula, ndipo ogula ankachita kuitanidwa kuchokera kutali. Minda ya mtengo wa rupiya zikwizikwi idalandidwa chifukwa cha ngongole ya msonkho yochepa. Boma lidalembanso ganyu amuna a mtundu wa Pathan kuchokera ku Bombay kuti azithandiza kulanda, ndipo madandaulo a nkhanza zawo adamveka m'dziko lonse. Ambiri adaona ngati cholinga chidali kuputa mkwiyo, kapena kudanitsa Ahindu ndi Asilamu. Ngati chidalidi chotero, sichidatheke. Asilamu a m'deralo adasunga lumbiro lawo, ndipo mmodzi mwa akuluakulu a m'misasa ija adali Abbas Tyabji, Msilamu wokalamba amene adakhalapo woweruza milandu ku Baroda.

Tisabise mbali ina ya umodzi umenewu. Sikuti onse adaima nji chifukwa cha kulimba mtima kokha. Amene adapereka msonkho mobisa, kapena kugula katundu wolandidwa, ankasalidwa ndi a mtundu wake: osamuyankhula, osamugwirira ganyu, osabwera pa ukwati wa mwana wake, mpaka atapepesa ndi kulipira chindapusa ku gulu. Akuluakulu a boma nawonso ankasowa wowameta tsitsi, wowanyamulira katundu kapena wowabwereka ngolo. M'mudzi m'mene munthu sangakhale popanda anzake, kusalidwa ndi chikwapu chopweteka kuposa cha mfumu. Kunena kuti ku Bardoli kudalibe chiwawa n'zoona, pakuti magazi sadakhetsedwe. Koma kunena kuti kudalibe kukakamiza kungakhale kunama, ndipo wamasiye amene adaopa kutaya kamunda kake kamodzi adapanikizika pakati pa miyala iwiri.

Boma lifewa

Pofika mwezi wa Juni zinthu zidayamba kupendekeka. Nyakwawa zambiri za m'midzi pamodzi ndi alembi a msonkho otchedwa talati adatula pansi maudindo awo, ndipo popanda iwowa boma lidali ngati munthu wopanda maso. K. M. Munshi, loya ndi phungu amene poyamba sankagwirizana ndi njira ya Gandhi, adapita kukadzionera yekha, ndipo atabwerako adasiya mpando wake m'nyumba ya malamulo. Pa 12 Juni mizinda yambiri ya India idachita tsiku lokumbukira Bardoli ndi kusonkha ndalama zothandizira. Mkulu wake wa Patel, Vithalbhai, amene adali wapampando wa nyumba ya malamulo ya dziko lonse, adalembera Lord Irwin, woimira mfumu ya Angelezi ku India, kumuuza poyera kuti ali kumbali ya alimi. Nyuzipepala ya Times of India, imene inkaikira boma kumbuyo, idafanizira Patel ndi Lenin, koma potero idavomereza yokha kuti m'deralo mawu a boma sakumvekanso. Nthawi yomweyo antchito a m'mafakitale a nsalu ku Bombay adali pa sitalaka yaikulu, ndipo akuluakulu adaopa kuti moto wa kumudzi ungakumane ndi wa m'tauni.

Wilson adakumana ndi Patel ku Surat m'mwezi wa Julayi koma sadamvane. Pa 23 Julayi bwanamkubwayo adauza nyumba ya malamulo ku Poona kuti nkhaniyi tsopano si ya msonkho ayi, koma yakuti kodi lamulo la mfumu likugwira ntchito m'dera limenelo kapena ayi, ndipo adapereka masiku 14 kuti ndalama zonse ziperekedwe. Anthu adayembekeza kuti Patel amangidwa, mwakuti pa 2 Ogasiti Gandhi adasamukira ku Bardoli kuti akalowe m'malo mwake. Koma kuseri, Irwin sankafuna kuti asilikali akathire nkhondo alimi opanda zida chifukwa cha mlandu umene iye mwini ankaukayikira. Chimene chinkafunika ndi njira yoti boma libwerere m'mbuyo popanda kuoneka kuti lagwada.

Njirayo idapezeka pa 6 Ogasiti. Aphungu a ku Surat adalembera bwanamkubwa kalata yonena kuti zimene iye adafuna zikwaniritsidwa, osatchula kuti ndi ziti. Munthu wina wachuma wa ku Bombay, amene adali ndi malo ku Bardoli, adasungitsa ku boma ndalama zoonjezera zija, motero boma lidatha kunena kuti lalandira zake zonse, pamene alimi adangopereka za mtengo wakale monga adanenera pachiyambi. Boma lidavomera kumasula omangidwa, kubweza minda yolandidwa, kubwezeretsa pa ntchito alembi amene adasiya, ndiponso kuika woweruza milandu pamodzi ndi mkulu wa za msonkho kuti aunike kawerengedwe kaja.

Zimene ofufuza adapeza

Osankhidwawo adali R. S. Broomfield ndi R. M. Maxwell. Alimi adali ndi chifukwa chokayikira, pakuti Broomfield ndiye woweruza amene adalamula kuti Gandhi akakhale m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi m'chaka cha 1922. Koma awiriwa adachita chinthu chimene oyamba aja sadachite mokwanira: adapita m'midzi, nakhala pansi ndi kaundula, naitana eni minda ndi obwereka, ndi kufunsa za pepala lililonse la lendi kuti lidalembedwa bwanji ndipo chifukwa chiyani. Kumbali ya alimi kudali Mahadev Desai, mlembi wa Gandhi, ndi Narhari Parikh ndi anzawo, amene adakonzekera mudzi ndi mudzi ngati ophunzira okonzekera mayeso. Ntchitoyi idayamba mu Novembala 1928 ndipo idatenga miyezi ingapo.

Lipoti yawo, imene idatuluka m'chaka cha 1929, idati ziwerengero za lendi ndi za malonda a minda zidasonkhanitsidwa mosasamala, kuti zambiri mwa izo sizidatsimikizidwe ndi amene adazisainira, ndipo kuti sizikadayenera kukhala maziko okwezera msonkho. Sadanene kuti msonkho usakwere konse. Adati ukwere ndi 6.03 peresenti m'malo mwa 22 uja. Pa rupiya 100 iliyonse, boma lidali pafupi kutenga 16 zimene silikadatha kuzifotokoza, ndipo likadazitenga chaka ndi chaka kwa mbadwo wathunthu.

Ena amati alimi sadapambane kwathunthu popeza msonkho udakwerabe. Maganizo amenewa akuphonya chimene chinkalimbanirana. Kufikira nthawi imeneyo, chiwerengero cha wopima chidali ngati mvula: chikagwa chagwa, palibe wochifunsa. Ku Bardoli boma lidakakamizika kuyala masamu ake pa mphasa, alimi ali pomwepo, ndipo masamuwo adapezeka operewera. Madera ena a chigawo cha Bombay amene adaunikidwa m'njira yomweyo adayamba kufunsa mafunso omwewo, ndipo boma lidazengereza kupitiriza kukweza misonkho ya minda m'madera ena. Patel adatuluka m'nkhaniyi ali mtsogoleri wa dziko lonse. Adakhala pulezidenti wa chipani cha Congress mu 1931, ndipo India atalandira ufulu mu 1947 adakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu mpaka imfa yake mu Disembala 1950.

Amene sadawerengedwe

Mlandu wa ku Bardoli udali wa eni minda, ndipo eni minda ambiri olemererapo adali a mitundu yapamwamba, makamaka Apatidar ndi Abrahmin otchedwa Anavil. Koma oposa theka la anthu a m'deralo adali a mitundu imene inkanyozedwa ndi dzina lakuti Kaliparaj, kutanthauza anthu akuda. Otsatira Gandhi adalisintha dzinali kuti likhale Raniparaj, anthu a kunkhalango, ndipo adawatsegulira sukulu ndi kuwalimbikitsa kusiya mowa. Ena mwa iwo adali ndi timinda tawo, ndipo adakana nawo msonkho mokhulupirika. Koma ambiri, makamaka a mtundu wa Dubla, adalibe malo ngakhale a phazi limodzi. Ankagwira ntchito m'minda ya eni malo aja pa mwambo wotchedwa hali. Mnyamata ankakongola ndalama kwa mwini munda, kawirikawiri zokwatirira, ndipo kuyambira tsiku limenelo iye, mkazi wake ndi ana ake ankagwira ntchito pakhomopo polandira muyeso wa chakudya cha tsiku. Ngongoleyo sinkatha, ndipo mwana ankailowa m'malo mwa bambo wake. Amene adamva kwa agogo awo za thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu sadzavutika kumvetsa, ngakhale kuti uku mwini munda sadali mzungu koma mnansi wa m'mudzi womwewo.

Anthu amenewa ndiwo ankalima thonje ndi mapira amene phindu lake linkakanganiridwa. Iwonso adakana kunyamula katundu wolandidwa ndi kulima minda imene boma lidagulitsa kwa alendo, ndipo popanda iwo kunyanyala kuja kukadaphwasuka msanga. Chodabwitsa n'chakuti pamaso pa ofufuza, eni minda adawerengera ndalama zodyetsera antchito amenewa ngati gawo la zimene amawononga polima, pofuna kuonetsa kuti phindu lawo ndi lochepa. Wantchito adalowa m'masamu ngati mtengo, pamodzi ndi ng'ombe ndi mbewu. Za malipiro ake ndi za ngongole yake sizidali pa mndandanda wa zopempha, chifukwa atsogoleri adaopa kuti kuzitchula kukadagawa gulu pa nthawi ya nkhondo.

Padapita zaka khumi kuti nkhaniyi ikambidwe poyera. Mu Januwale 1939, Gandhi ndi Patel ali ku Bardoli, kudalengezedwa kuti mwambo wa hali watha ndipo antchito azilandira malipiro a ndalama, ndipo a mtundu wa Dubla adapatsidwa dzina latsopano lakuti Halpati, ndiye kuti eni pulawo. Eni minda ambiri sadalabadire chilengezocho. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Netherlands, Jan Breman, amene adakhala m'midzi ya kummwera kwa Gujarat kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, adapeza mabanja a Halpati akadali opanda malo, ndipo ambiri akadali omangika ndi ngongole kwa eni minda. Lamulo lothetsa ntchito yogwirira ngongole m'dziko lonse la India lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1976.